Firiji Yanga ndi Kabati ya a Tembo

Taonga, ika foniyo pansi. Nawe Mapalo, leka kugogoda kabatiyo ngati ukusankha chivwende pamsika. Zithunzi zanuzo ndaziona, ndipo musaganize kuti sindinakondwe. Firiji ya zitseko ziwiri, yotulutsa madzi ozizira pachitseko pomwepo! Mtima wanga wachita kudumpha, ana inu. Ine nkhani ya firiji ngakhale mutandidzutsa nayo kutulo ndingadzuke ndikumwetulira. Koma mwati kuti ilowe m'khitchini muno tigwetse kabati iyi, chifukwa ndi yakale ndiponso chitseko chake chakumapeto sichitsekeka bwino. Kokani mipando mukhale. Ndikuuzeni kaye chimene chinachitikira chitseko chimenecho, ndipo ndikamaliza mukabwereke hamala ngati mudzakhale mukuifunabe.

Inu munabadwa madzi atazizira kale. Kwathu ku Katete firiji yathu unali mtsuko wokhala pakona, pamchenga wonyowa, wovundikira ndi mbale. Nyama ikapezeka tinkaiwamba, masamba a nyemba ndi a maungu tinkafutsa n'kuyanika, ndipo mkaka ukasasa palibe ankalira, unkasanduka ndiwo. Firiji yoyamba ndinaiona pachipatala cha mishoni ndili kamtsikana. Inali ya parafini, ankasungiramo mankhwala. Ndinagwada n'kusuzumira kunsi kwake, ndinaona kamoto kakuyaka, pamene m'kati mukuzizira ngati m'mawa wa mwezi wa Juni. Ndinafunsa anesi kuti moto ungaziziritse bwanji chinthu, iwo anangoti ndichoke ndikutsekereza njira. Mpaka lero palibe anandiyankha zogwira mtima, ngakhale iwe Taonga ndi sukulu yako yonseyo.

Ku Lusaka ndinabwera nditakwatiwa ndi agogo anu aamuna, a Tembo. Basi yake fumbi mpaka m'mano, ine nditakumbatira mutu wa makina anga osokera wokulunga m'bulangeti. Pa mlatho wa Luangwa anthu anatsika kukagula nsomba zouma, ine sindinasunthe, kuopa kusiya makina. Inu lero mumakwera pa siteshoni ya Intercity basi ya makatani, n'kumadandaula kuti mpando sukugona bwino. Tinafikira ku Kabwata, m'kanyumba ka kanselo. A Tembo ankayang'anira katundu pa kampani ina ya boma, ine ndinaika makina anga pakhonde. Tiyanjane, amayi anu, anabadwira komweko, ndipo kuyambira pamenepo dzina langa linakhala amake Tiya.

Inali nthawi ya chipani chimodzi. Ukaona mzere unkayamba waima kaye, kenako n'kufunsa kuti akugulitsa chiyani. Sopo mzere, shuga mzere, saladi, mafuta ophikira aja, mzere. Ndiye firiji ukanaipeza kuti? Mumsewu wathu wonse inalipo imodzi, ya aneba athu Bana Mulenga, Mbemba wa ku Kasama, amene amuna awo ankayendetsa malole opita kunja. Anaiimika pabalaza, pamwamba kansalu koluka ndi maluwa apulasitiki. Tonse tinkasungitsa kumeneko. Mayi uja sanali woipa mtima, ndinene zoona. Tsiku lobadwa amayi anu ndi iye anandiperekeza kuchipatala, chikwama changa atasenza. Koma pakamwa pake panalibe chitseko.

Tsiku lina ndinapita kukatenga kanyama kanga, ndinapeza pabalaza padzaza alendo ochokera ku Kitwe, atavala zakutchalitchi.

"Odi, Bana Mulenga."

"Ingilani mukwai! Ba neba, mwabwela kutenga ka nyama kanu? Imwe balendo, patukani, ba telala bafuna ka nyama kao."

Anatsegula firiji, anatulutsa kaphukusi kanga, n'kuyamba kukamasula pamaso pa anthu onse.

"Mayo! Ma nyuzi yambili, nyama ing'ono. Iyi ni nyama olo ni chithunzi cha nyama?"

Alendo anaseka, nane ndinaseka nawo, nanga ndikanatani? Koma panjira misozi inalengeza. Nditafika kunyumba ndinauza a Tembo kuti tsiku lina ndidzakhala ndi firiji yangayanga, ndipo sidzaima pabalaza ngati mlendo. Idzakhala m'khitchini, kumene munthu angatulutse kanyama kake kakang'ono popanda woyang'ana. A Tembo anangoti, "Ndamva, amake Tiya." Munthu uja mawu ankawatulutsa ngati akugula.

Tsopano mvetserani bwino apa, chifukwa nkhani yonse yagona pa dzanja langa ili. Ine kusoka ndinaphunzira kwa mayi wina wa kumishoni amene sankaseka ndi munthu. Lamulo lake linali lakuti ukayeza nsalu usadule pa muyeso penipeni, uzisiya zala ziwiri za msoko. Ukaiwala, rula pa zala. Ndinamenyedwa kawiri kokha, ndipo kuchokera pamenepo dzanja langa linaphunzira lokha. Sizasi ikafika pa muyeso imapitirira zala ziwiri ine osaganiza n'komwe. N'chifukwa chake diresi langa silinkathina munthu. Azimayi a ku Kabwata ankati amake Tiya sayeza kawiri, ndipo ndikuuzeni, dzina limenelo ndinkalinyadira kuposa ndolo zanga.

Zipani zitachuluka zinthu zinatembenuka msanga. Mizere inatha. Masitolo a mumsewu wa Cairo anadzaza katundu wa ku South Africa, maapozi, mabisiketi a m'zitini, mawailesi. Tinkapita kutauni kukangoona ndi maso, n'kubwerera titakhuta. Koma nthawi yomweyo kunabwera salaula, zovala zovalidwa kale zochokera kunja. Mtsikana amene ankasoketsa diresi kwa ine anayamba kukalisankha pamulu. Matelala ambiri anapinda makina awo. Ine ndinati ayi, ndinayamba kukonza salaula yemweyo: kuchepetsa jekete la mzungu wonenepa, kufupikitsa thalauza, kusuntha mabatani. Ntchito yonyozeka, koma inatidyetsa.

A Tembo ndiye zinawagwera zenizeni. Kampani yawo inagulitsidwa, ndipo iwo ndi anzawo ambiri anauzidwa kuti akapume. Ndalama imene anawapatsa sanagulire minibasi monga ankachitira anzawo, anagula nyumba ino. Bana Mulenga atamva anagwira pakamwa. "Ku Chelstone? Ba neba, muyenda kukhala na nkalamu?" Nthawi imeneyo kuno kunkaoneka kutali, ana inu, osati lero pamene nyumba zalumikizana mpaka ku bwalo la ndege. Koma ine tsiku losamuka ndinavina m'chipinda chilichonse. Nyumba yathuyathu, ya madzi m'kati, khitchini ya sinki! Ndinatsegula mpopi n'kutseka, kutsegula n'kutseka, mpaka Tiyanjane anati amama mwapenga.

Amene sanavine ndi a Tembo. Munthu wozolowera kudzuka m'mawa n'kumanga tayi anayamba kukhala pansi pa mtengo wa mapeyala uwo, kuyang'ana nkhuku. Kudya pang'ono, kuyankhula ndiye kunatheratu. Miyezi inapita, ine mantha anandigwira, chifukwa anzawo awiri amene anachotsedwa nawo limodzi tinali titawaika kale m'manda, osadwala matenda odziwika. Kenako tsiku lina anatuluka m'mawa osatsanzika, n'kubwera masana ndi matabwa pa wilibala. Mukwa, umene kwathu timati mlombwa. Anatulutsa bokosi la zida limene ine ndinkaliyesa la nsapato zakale. Kani ali mnyamata anaphunzirako ukalipentala, ndipo zaka zonsezo osandiuza.

Masabata atatu m'nyumba muno munali utuchi wokhawokha, mpaka m'tiyi. Koma munthu uja anayamba kudya. Anayamba kuimba nyimbo za m'buku la kutchalitchi uku akupala matabwa. Kabati iyi ndi imene inamudzutsa pansi pa mtengo uja, ine ndinaona ndi maso angawa. Atamaliza anandiitana. Kabati inayambira pa sinki n'kulekeza chapafupi ndi pamene yalekezerapa, ndipo pakati pa iyo ndi khoma panatsala mpata.

"Matabwa anatha?" ndinafunsa.

"Iyayi. Apa m'pa firiji yanu."

Firiji tinalibe, ngakhale ya m'maloto inali isanafike, koma malo ake anali atakonzedwa kale. Mpata umenewo unakhala mvula ziwiri. Ndinaikamo mtsuko, ndipo m'mawa uliwonse ndikamatunga madzi ndinkauuza kuti ukhale bwino, uli pamalo pa eni ake.

Ndinalowa chilimba ndi azimayi a kutchalitchi, kuja mumasonkha mwezi ndi mwezi n'kumapatsana mosinthana. Chaka chimene ulendo wanga unakwana ndinapezanso maukwati awiri osokera operekeza mkwatibwi. Ndinati basi, nthawi yakwana. Lachisanu ndinatumiza uthenga ku Kabwata kuti Bana Mulenga tikakumane kutauni Loweruka, andithandize kusankha. Musandiyang'ane choncho. Inde, ndinkafuna aone ndi maso ake, ndipo sindichita nazo manyazi.

Loweruka m'mawa a Tembo anatulutsa rula yawo yopinda ndi pensulo.

"Ndikuyezereni mpatawu ndikulembereni pa pepala."

"Inu a Tembo, mwayamba liti kuyezera telala? Ukalipentala wa dzulodzulowu?"

Anabweza rula m'thumba. Ine ndinatenga tepi yanga n'kuyeza kuchokera pakhoma mpaka pa kabati. Kutalika sikunali nkhani, pamwamba panalibe chotchinga. Koma ndinaganiza kuti tepi yanga ndi ya mainchesi, a m'sitolo amanena masentimita, adzandisokoneza ndi manambala awo. Ndiye ndinatenga chidutswa cha chitenje chofiira chotsala ku maukwati aja, ndinachiyala patebulo, ndinaika tepi, n'kudula kansalu kotalika ngati mpatawo. Ndinakapinda n'kukaika m'chikwama. Kukabwezera pa mpata kuti ndione ngati kakukwana sindinaganizeko n'komwe, poti amake Tiya sayeza kawiri.

Minibasi ya tsiku limenelo inkayenda ngati ikubwerera m'mbuyo. Pa Northmead inaima kudikira anthu, ine ndinatsala pang'ono kutsika kuti ndiyende wapansi. Bana Mulenga ndinamupeza atafika kale, atavala chitenje chatsopano ngati wogula ndi iye.

"Shani ba neba! Lelo ni lelo. Tiyeni tikaone ngati ba telala bazakwanisa."

Ana inu, sitolo yoyamba titalowa ndinaima chilili. Mafiriji ndandanda kuyambira pakhomo mpaka kumapeto, oyera, achikasu pang'ono, aatali, aafupi. Ine amene ndinakula ndikudziwa firiji imodzi ya mankhwala ndi imodzi ya Bana Mulenga! Ndinatsegula iliyonse. Fungo la pulasitiki watsopano lija mpaka lero ndimalimva. Tizibowo toikamo mazira, kabokosi ka masamba pansi, kathireyi kopangira ayezi. Imodzi anali atailumikiza ku magetsi, ndipo nditatsegula inayaka nyale m'kati. Ndinatseka pang'onopang'ono ndikusuzumira kuti ndione ngati nyaleyo imazima. Usaseke Mapalo, nawenso ndinakupeza ukuchita zomwezo uli ndi zaka zinayi.

Bana Mulenga ankandikokera ku zogona zija, zotsegula pamwamba ngati bokosi.

"Tengani iyi, muzigulisa ma ayisi buloko ku bana ba sukulu. Filiji ifunika izibweza ndalama."

"Ine sindikufuna sitolo, ndikufuna firiji. Ndipo malo ake alipo kale, iyenera kuimirira."

Ndinatulutsa kansalu kanga. Firiji iliyonse yondikopa ndinkaiyala kansalu kutsogolo kwake. Ina kansalu kankapitirira kwambiri, ndinkati imeneyi ndi ya mbeta, m'mpata mwanga idzaoneka ngati mwana wovala jekete la bambo ake. Ina yokongola ya siliva inaposa kansalu ndi chikhatho chathunthu, ndinaisiya mtima ukuwawa. Sitolo yachiwiri chimodzimodzi. Tinawoloka msewu, dzuwa lili pamutu, Bana Mulenga akudandaula mapazi.

M'sitolo yachitatu ndi mmene ndinaiona. Inali pakona, mtundu wa mkaka, chitseko chaching'ono pamwamba cha zoumitsa, chachikulu pansi, zogwirira zake zonyezimira. Ndinayala kansalu. Nsonga iyi m'mphepete, nsonga inayo m'mphepete, ndendende, osatsala ngakhale ulusi. Ndinakuwa m'sitolo mwa eni ake. Wogulitsa, bambo wa imvi womanga tayi, anabwera akumwetulira.

"Mami, mwasankha bwino. Koma filiji imafuna kupuma. Musiyeko ka malo kumbali na kumbuyo. Mwapima bwino ku nyumba?"

"Bambo, ine ndine telala. Ndayeza ziuno za azimayi a Kabwata yonse, palibe anabweza diresi."

"Zoona izo," anatero Bana Mulenga. "Aba sibapima kabili."

"Chabwino. Koma iyi ni yosilizila, tachosako mtengo. Ikachoka pa chitseko sitilandila futi."

Ndinati ngakhale atandipempha atagwada sindingaibweze. Anandilangizanso kuti isagonekedwe panjira, ndipo ikafika ikhale maola angapo isanayatsidwe. Tinapeza vaneti, anaimangirira choimirira ndi zingwe. Woyendetsa anati tikhale kutsogolo, Bana Mulenga anakwera, ine ndinakana. Ndinakwera kumbuyo n'kuikumbatira. Mayi wa Chigwirizano, duku kumutu, nditaima pa vaneti mumsewu wa Great East! Anthu a m'maminibasi ankaloza, makondakitala akukuwa kuti, "Mami, mwawina!" Ine ndinkawabayibitsa ndi dzanja limodzi. Titakhota kulowa ku Chelstone ndinayamba nthungululu, ndipo pofika pageti msewu wonse unali utatuluka.

A Tembo anali atachotsa kale mtsuko, atasesa mpata, atapukuta khoma. Iwo, woyendetsa vaneti ndi abambo awiri oyandikana nafe anainyamula mpaka m'khitchini muno. Azimayi anadzaza pakhomo apo, ena pawindo. Anachotsa katoni, anaiyang'anitsa ku mpata, n'kukankha.

Gu!

Anaibweza, anaiwongola bwino, n'kukankhanso. Gu! Ngodya yake inagunda thabwa la m'mbali la kabati. Woyendetsa vaneti anati tiyese cham'mbali, koma cham'mbali chitseko chikanatsegukira kukhoma. Nthungululu zinazima. Ine ndinayandikira, ndinaika dzanja pamene firiji inapitirira kabati. Chala chimodzi, chachiwiri. Zala ziwiri ndendende.

Ndinadziwa pomwepo chimene ndinachita. Sizasi yanga inasiya malo a msoko, ngati kuti mpata wa khoma ndi chiuno cha munthu. Diresi ukaliwonjezera zala ziwiri limakwana bwino, koma apa ndinawonjezera chinthu choti chilowe, osati malo olowamo. Kusitolo sakanailandira. Kwina koiika m'khitchini muno kunalibe, mukuona nokha, uku chitseko, uku chitofu.

"Awe, musavutike," anatero Bana Mulenga. "Ikani chabe pa sitin'i lumu monga yanga. Muike na maluba pamwamba." Kenako anatembenuka n'kuyang'ana anthu onse. "Koma nanga anapima ni ndani? Si ba telala?"

Maso onse anatembenukira kwa ine. Pawindo panali azimayi amene ndinali nditangoyamba kuwasokera, ena nsalu zawo zili m'nyumba momwemo. Ndiye ndinamva a Tembo akutsokomola.

"Amake Tiya anayeza bwino. Olakwa ndine. Atachoka m'mawa ndinakhomera thabwa ili kumbali kuno kuti kabati ilimbe, osaganiza kuti ndikudya malo a firiji."

Ana inu, thabwa limenelo linali pamenepo zaka ziwiri. Linali ndi msomali umene ndinkapachikapo sefa tsiku ndi tsiku. Munthu amene sindinamumvepo akunama ngakhale kwa wogulitsa makala ananama pamaso pa msewu wonse, nkhope ili gwa. Anthu anaphulika kuseka. Bana Mulenga anawomba m'manja.

"Ba Tembo, imwe! Kalipentala wa bwanji? Mwafuna kusebanya bakazi banu!"

Ndikanatha kuyankhula pamenepo. Ndikanangoti ayi, ndine. Mawu anafika pakhosi, koma ndinayang'ana azimayi a pawindo aja n'kuwameza. Chimenecho ndi chinthu chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero, ndipo inu ndinu oyamba kuchimva. Ngakhale amayi anu sakudziwa.

A Tembo anatuluka n'kubwera ndi bokosi lawo la zida. Ndinawagwira mkono n'kunong'oneza kuti asatero, tiike pabalaza basi, ndizolowera. Anandiyang'ana n'kunena motsitsa, "Munati m'khitchini." Anatulutsa mbale zonse, anazula thabwa la m'mbali, anajambula mzere ndi pensulo pamwamba pa kabati ndi pa mashelefu onse, n'kuyamba kucheka. Kabati imene anaipala masabata atatu akuimba, imene ankaipukuta ndi mafuta Loweruka lililonse. Kulira kwa macheka aja kunkandilowa m'mafupa. Ndinaima pa sinki ndikunamizira kutsuka makapu oyera kale. Anadula zala zitatu, chachitatucho kuti firiji izipuma monga ananenera wogulitsa. Anabwezera thabwa, anachepetsa chitseko chakumapeto, anasuntha mahinjesi. Chitsekocho anachiyesa kangapo, koma sichinakhalenso bwino ngati kale.

Dzuwa lisanalowe anakankhanso, ndipo inalowa mwakachetechete ngati phazi mu nsapato yake. Nthungululu zinabwerera, Bana Mulenga anavina mpaka chitenje chinamasuka. Titadikira maola aja ndinaiyatsa ndekha, inayamba kung'ung'udza, nyale inayaka, Tiyanjane anaikamo botolo la madzi ndi la munkoyo, chakumwa chija chonga thobwa. M'mawa mwake, tisanapite kutchalitchi, ndinathira kapu yoyamba ya madzi ozizira, ndinagwada n'kupereka kwa a Tembo. Anamwa, mano anawawa, anaseka n'kunena kuti mtsuko unali waulemu, sunkaluma. Ine chisangalalo chinali chosefukira, sabata yonse ndinkadzuka n'kupita kukaisisita ndisanasambe kumaso. Ndinagula nyama yochepa dala, n'kuiika pa shelefu yapakati yopanda nyuzi.

Koma kansalu kofiira kaja ndinakafuna kuti ndikaotche, osakapeza. Ndinakumbukira kuti ndinakasiya pa sinki nthawi ya chipwirikiti, ndiye ndinati kanapita ndi utuchi. Dzina langa linakhala bwino, ntchito inachuluka, a ku Woodlands ndi ku Kabulonga anayamba kubwera ndi magalimoto kudzasoketsa. A Tembo ndiye anapatsidwa dzina. Chelstone yonse inkawatchula kalipentala wa zala ziwiri, ndipo poyamba anthu ankazengereza kuwapatsa ntchito, ankayamba awafunsa ngati rula ali nayo. Iwo ankangoseka nawo. Pang'ono ndi pang'ono makabati awo anadziwika okha, koma dzinalo linawaperekeza mpaka kumanda. Zaka zonsezo ndinkati mawa ndiwauza, mawa ndiwauza. Ndinkadzitonthoza kuti mwina sadziwa chimene chinalakwika kwenikweni, anangofuna kutseka pakamwa pa Bana Mulenga.

Maliro awo atatha, amalume anu anabwera kudzatenga bokosi la zida, ndipo ndinati ndiyambe ndalipukuta. Pansi penipeni, kunsi kwa tchizulo, ndinapeza kapepala kokulunga bwino. Taonga, tsegula kabatiyo, chitseko chomwecho chosatsekekacho. Kwezera pang'ono kenako ukoke. Kumbuyo kwa makapu kuli chitini cha tiyi, bwera nacho.

Ndi aka. Kafiira kake kanatha, koma ndi komweka. Taonani apa, pafupi ndi nsonga, mzere wa pensulo. Ika zala zako, Mapalo. Ziwiri. Anakatola pa sinki tsiku lomwelo, anakayeza ndi rula yawo ija ndinainyoza, anaona zonse, n'kukabisa pamalo pamene ankadziwa kuti ine sindingafikepo. Zaka zonse zija ankamwa madzi a m'firiji imeneyi, anthu akuwaseka, osanditchulira ngakhale tsiku limene tinakangana kwambiri. Ndinakhala pansi pompano ndi kansalu aka, ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda.

Ndiye firiji yatsopano ndikuifuna, musanamizane. Iyi yatopa, ikulira ngati thirakitala ndipo mkaka ukusasa m'kati. Loweruka tipita tonse, ine kutsogolo, ndipo ndikatsegula iliyonse m'sitolomo mpaka mukachite manyazi. Ya siliva ndikuifuna, ya nyale yowala, ngakhale yotulutsa madzi pachitseko ngati ilipo yowonda. Koma ya zitseko ziwiri yanuyo ikakhale kwa amene alibe kabati.

Dzuka Taonga, gwira nsonga iyi pakhoma. Mapalo, kokera inayo ku kabati, pamwamba pa firijipo. Mwaona? Kakwana, n'kutsalako chala chimodzi chopumira. Kansalu aka kanali kolakwa tsiku limodzi lokha, agogo anu anadula kabati yawo kuti kakhale kolondola. Kapinde bwino ukaike m'chikwama changa, ndi kamene tikayezere. Ndipo chitsekocho musamachimenyetse, mumachikweza pang'ono n'kukankha, chimatseka.